Mame a pa Chivindikiro

Kamisawa, 9 Novembala 1958

Okondeka achimwene Tokuji,

Ndalemba kuti ndimve za moyo wanu, poti mphepo yayamba kuluma. Ife kuno tadzuka. Mpunga tinamaliza kupuntha, zipatso za kaki tazipachika kale pakhonde kuti ziume, ndipo phiri layera kumutu. Mayi ali bwino, koma maso ndiye apitiratu. Amati dziko akuliona ngati munthu wosuzumira m'madzi otsukira mpunga. Ineyo amandizindikira ndi mapazi.

Kathebulo kanu ka chakudya akukaikabe m'mawa uliwonse, pamalo panu pomwe paja pafupi ndi mzati. Zaka zisanu ndi chimodzi chichokereni inu, sanadumphitseko tsiku. Ine ndimapakula mpunga ndi kuvindikira, iwo amaika timitengo todyera. Tikatha kudya amavundukula mbale yanu nkupisa chala kunsi kwa chivindikiro. Akapeza mame amati, "Ali moyo, wadya," basi tsiku layamba. Mpungawo ndimadya ine masana utazizira, ndiye mukadzamva kuti mlongo wanu wanenepa mudziwe kuti ndikudyera anthu awiri.

Nkhani yeniyeni ndi iyi. Mukuwakumbukira a Rinzo, mwana wachitatu wa kwa a Abe, amene munkawaseka makutu aja? Apeza malo m'sitima ya anthu opita ku Brazil kukalima khofi. Kwawo munda wonse ndi wa mkulu wawo, iwo alibe ngakhale pokhoma khasu. Anabwera ndi amalume awo kudzandifunsira. Mayi anamvetsera mpaka kumapeto nkungoti, "Mwini nyumba ali ku Tokyo."

Ine ndikuwafuna, achimwene. Ndanena poyera chifukwa pa zaka makumi awiri mphambu zisanu ndi zinayi manyazi amakhala atatha. Koma sindingasiye mayi osaona ali okha m'nyumba. Mwana wamwamuna ndinu nokha, nyumba ndi yanu, manda a bambo ndi anu. Mukabwera, ine ndipita. Mukapanda kubwera, a Rinzo adzafuna mkazi wina, chifukwa m'sitimamo salola munthu wopanda banja.

Tandiuzaniko, buku lachizungu limene lakugwirani mwendo zaka zonsezi limanena chiyani?

Ndine mlongo wanu,
Misao

Tokyo, 2 Disembala 1958

Mlongo wanga Misao,

Kalata yako ndailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti mwadzuka. Uwapatse moni mayi. Kuno m'mawa kumakhala nkhungu, mwakuti ndikasuzumira pawindo ndimangoona zipewa zikuyenda popanda anthu. Rinzo ndi munthu wabwino. Makutu aja amuthandiza ku Brazil, sadzafuna chipewa.

Wafunsa za buku. Ndi la Chifalansa, dzina lake Wonyamula Wotchi. Munthu wake ndi Odilon. Kwawo kunali wotchi yaikulu ya pakhoma, ya agogo ake, ndipo tsiku lina inaima. Bambo ake anamumangirira wotchiyo kumsana ndi chingwe nkumuuza kuti, "Pita nayo kumzinda, usabwere isanayambe kuyenda." Wokonza woyamba anaitsegula nati palibe chawonongeka, yangoima. Wachiwiri ndi wachitatu ananena zomwezo. Kubwerera sangabwerere, kutula sangatule. Akuyenda nayo zaka ndi zaka. Amagona chokhala chifukwa sangagone chagada, ndipo mkazi amene anamukonda akafuna kumukumbatira manja ake amangogunda thabwa. Pamapeto afika pamtsinje, amasula chingwe, aika wotchi pamchenga, nkuima chilili. Buku lathera pomwepo.

Zimene ndikulemba ine ndi zoti wotchiyo ndi udindo umene munthu amaupeza ukumudikirira asanabadwe. Odilon sanafunsidwe. Sikuti amadana ndi abale ake ayi, kungoti zimene amamuuza kuti azimva mumtima, iye akafufuza sazipezamo, ndipo kunama sakufuna. Mfundo yanga ndi yoti munthu amayamba kukhala munthu tsiku limene watula katundu amene sanasankhe.

Ndikuuze zoona, Misao. Ndikayesa kuganiza za kumudzi ndimaona nyumba yathu ili patali, yaing'ono, mkati mukuyaka nyale, anthu akuyendayenda koma mawu osamveka. Ndimadziwa kuti ndi inu. Ndimadikira kuti mtima ugunde, koma umangokhala phee. Zimandichititsa mantha, ndiye ndimabwerera ku buku.

Ntchitoyi ndiyenera kuipereka kwa aphunzitsi anga a Shiraki kumapeto kwa Malichi, ndipo mutu womaliza ukundivuta. Kodi Rinzo sangadikire sitima ina? Ndaikamo masamba ena amene ndawamasulira m'chilankhulo chathu kuti uwerenge.

Mchimwene wako,
Tokuji

Kamisawa, 20 Disembala 1958

Okondeka achimwene,

Muli bwanji ndi nkhungu yanuyo? Kuno chipale chofewa chafika m'mawindo, tikutulukira khomo lakutsogolo lokha. M'nyumba mumakhala kuwala kobiriwira tsiku lonse, ndipo nthawi zina sindidziwa ngati ndadzuka kapena ndikulotabe.

Masamba anu ndinawawerenga mokweza masana, titazungulira mbaula. Panali mayi, a Rinzo, ndi mayi Ogata, akazi a wonyamula makalata, amene anabwera kudzabwereka singano nkukhalitsa mpaka dzuwa kupendeka.

Mayi Ogata sanachedwe. "Koma amuna inu! Bwanji osangobwerera nkukati bambo, yakanika? Akanamudya?"

A Rinzo anakanda khutu. "Ine chandisangalatsa ndi chingwe. Zaka zonsezo osaduka? Mufunse alamu komwe amagulitsa, ndikamangire katundu wa ku Brazil."

Tinaseka, koma mayi sanaseke. Anati, "Werenga pamene akunena za kunyumba."

"Palibe, mayi."

"Masamba onsewo?"

"Achimwene akuti buku lonse limangotsatira Odilon."

Mayi analozetsa nkhope kudenga. Kenaka anati, "Pakhoma paja panatsala msomali. Alipo amene amauyang'ana msomaliwo akafuna kudziwa nthawi yotereka mphika, nkukumbukira kuti wotchi kulibe. Wolembayu anatsatira woyenda chifukwa woyenda ndiye amaoneka. Okhala pansi salembeka." Atatero anandituma kukatenga makala.

Ndakuuzani mmene ananenera, ine sindinawonjezeko mchere.

Za sitima ina, a Rinzo anakafunsa ku boma la chigawo. Akuti malo awo ndi omwewo, akawataya apita kumapeto kwa mndandanda wa zaka zitatu. Sitima inyamuka ku Yokohama pa 4 Malichi. Ndalemba bwinobwino kuti muone: pa 4 Malichi. Dzina la mkazi liyenera kulembedwa pakati pa Febuluwale pasanadutse.

Masiku ano ndimalota dothi lofiira. Sindinalionepo, ndimangomva a Rinzo akunena, koma m'maloto ndimaliponda ndi mapazi opanda kanthu ndipo limakhala lofunda. Ndikadzuka ndimapita kukasonkha moto wa mpunga wanu.

Sindikukupemphani kuti mumve kanthu mumtima, achimwene. Mungobwera ndi mtima wanu wa pheewo, mayi akufuna munthu wowagwira dzanja popita kuchimbudzi. Ndiyankheni kuti eya kapena ayi.

Misao

Tokyo, 8 Januwale 1959

Misao,

Chaka chabwino kwa nonse. Zimene ananena mayi za msomali zandidzidzimutsa! Ndinawauza a Shiraki, anavula magalasi nkunena kuti akatswiri onse a ku Ulaya sanaliwone khoma limenelo. Mutu womaliza ndaupeza tsopano, ndiutcha Msomali. Uwafunse mayi ngati ali ndi maganizo ena, makamaka pa nkhani ya chingwe, undilembere mawu awo ndendende. Zinazo tikambirana ndikapuma.

Tokuji

Kamisawa, 3 Febuluwale 1959

Achimwene,

Ndikhulupirira muli moyo, ngakhale m'nyumba muno nkhani ndi ina. Ndachita chinthu choipa ndipo ndilibe wina womuuza.

Kakalata kanu ndinakawerenga kanayi kufunafuna eya kapena ayi. Ndinangopezamo msomali. Ndinakwiya, achimwene, ndinakwiya kwambiri. Mayi athu mwawasandutsa mutu wa buku, ine mwandiika pa "zinazo". Sabata zitatu ndinakhala nazo kukhosi. A Rinzo akabwera sankafunsa kanthu, ankangochotsa chipale padenga nkumapita, ndipo kusafunsako ndiko kunkandipweteka.

Lachisanu lapitali ndinadzuka, ndinaphika, ndinapakulira mayi ndi ine. Nditagwira mbale yanu dzanja linakana. Ndinatenga mpunga wa dzulo lake umene unagona pashelefu, wozizira ngati mwala, nkuika m'mbalemo, nkuvindikira. Sindinaganize zambiri. Ndinangoti lero adye zimene ndimadya ine.

Titatha kudya mayi anavundukula. Anapisa chala. Anazungulira chivindikiro chonse pang'onopang'ono, kawiri, kenaka anachibwezera pambale mosamala.

"Chauma," anatero.

Iwo anadzuka okha, ananyamula kathebulo kanu, nkuyenda chopapasa khoma mpaka pakabati yokumbukirirapo makolo omwalira. Anakaika pansi pa chithunzi cha bambo, anayatsa lubani, anaomba kabelu kamodzi. Misozi sanagwetse.

"Mayi, mwina ndi kuzizira kwa lero."

"Tokuji wapita. Ndinkasunga nyumba ino chifukwa cha iye, tsopano palibe womusungira. Ine ndikakhala kwa mng'ono wanga Kiku ku Sakata, wakhala akundiitana. Kawaitane amalume a Rinzo."

Amalume anabwera Lamlungu. Dzina langa lalembedwa, ndine mkazi wa a Rinzo pa pepala. Chimene ndinkachilirira ndachipeza, koma ndachipeza pokuphani inu. Mayi Ogata akuti tilembere apolisi a ku Tokyo, mayi akuti chivindikiro sichinama.

Chonde bwerani, ngakhale tsiku limodzi, adzakugwireni kumaso. Akadziwa kuti muli moyo nkunena kuti nditsale, nditsala. Sindikufuna kukwera sitima ndi bodza.

Misao

Tokyo, 16 Febuluwale 1959

Mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi mwamuna wako, kuchokera kwa malemu. Usadzizunze. Ndinaseka ndekha m'chipinda mpaka mwini nyumba anagogoda kufunsa ngati ndadwala.

Koma nditasiya kuseka ndinamva chinthu chachilendo. Ndinatuluka nkuyenda m'mbali mwa ngalande, ndipo thupi linali lopepuka. Anthu ankandidutsa, mabelu a njinga ankalira patali, ine ndikuti mumtima, pano palibe amene akundiikira mbale. Kwa ola lathunthu ndinali Odilon pamchenga paja. Ndamvetsa tsopano chifukwa chake buku limathera pomwepo, ndipo ndalemba masamba khumi ndi awiri osapuma.

Taona mmene zakhalira bwino. Iwe wapeza Rinzo, mayi apita kwa mng'ono wawo, a Kiku, kumene kuli anthu ambiri, ndipo palibe amene wakakamizidwa. Ndikapita ku Sakata ntchito ikatha, akandigwire kumaso mmene akufunira. Mawa ndinyamuka kupita ku kachisi wina kumapiri, kumene amonke amabwereketsa zipinda kwa olemba, kuti ndikamalize kopanda phokoso. Ndibwerako kumapeto kwa Malichi. Yokohama ndi pafupi ndi kuno, ndiye pa 4 Epulo ndidzakhala padoko kukutsanzika, ndi chipewa chachikulu cha Rinzo m'manja.

Tokuji

M'sitima, 5 Malichi 1959

Achimwene,

Moni wochokera pamadzi. Kalatayi akuti aitumiza tikaima padoko loyamba, ndiye sindikudziwa kuti idzakupezani liti.

Malichi, achimwene. Ndinalemba Malichi. Nditaona Epulo wanu ndinakulemberani tsiku lomwelo, kalata yofulumira. Titafika ku Yokohama anatisunga masiku asanu ndi limodzi, kutibaya jakisoni ndi kutiphunzitsa moni wa Chipwitikizi. Tsiku lina ndinapempha chilolezo nkukwera sitima ya pamtunda kudzafuna nyumba yanu. Mwini nyumba, mayi wina wa mano agolide, anati, "Ndiwe mlongo wake? Ali ndi mlongo?" Dzina la kachisi sankalidziwa. Ananditsegulira chipinda. Kalata yanga inali pansi pakhomo, yosatsegula, ndinachita kuilumpha. Ndinakhala pang'ono pampando wanu. Ndinatsuka kapu imene munasiya ndi tiyi, inali itamera nkhungu.

Tsiku lochoka kumudzi ndinagwada pakhomo nkuwauza mayi zonse, za mpunga wozizira, za kalata zanu. Anandipapasa kumaso, anatsikira m'khosi, nkunena kuti, "Mpango wako wapendama." Anaukonza. Ndinabwereza, ndimvekere mayi mwamva kodi, achimwene ali moyo. Iwo anati, "A Rinzo, mutengeni uyu, galimoto ikusiyani." Sindikudziwa ngati anamva. Akuti a Kiku abwera kudzawatenga sabata ino.

Dzulo ponyamuka anatipatsa timipukutu ta mapepala amitundumitundu toti tiponyere abale padoko, iwo agwire nsonga ina, ife ina, mpaka pepala liduke. Anthu anali ngati nyerere. Ndinayang'ana chipewa chilichonse. A Rinzo anati, "Ponya basi, Misao, wina agwira." Ndinaponya. Anagwira agogo ena osawadziwa, amene anali kale ndi mapepala asanu m'manja, ndipo anandiweramira ngati ndine mdzukulu wawo. Langa linali lachikasu. Linatalika kuposa mmene ndinkaganizira, kenaka linangolefuka nkugwera m'madzi.

Sindinakwiyenso. Ndatopa chabe, ndipo ndikukusowani, ngakhale sindikudziwa kuti amene ndikumusowayo ndi inu kapena mnyamata amene ankandibereka kumsana powoloka mtsinje. Mukapite ku Sakata.

Misao

Kamisawa, 12 Malichi 1959

Mwana wanga Tokuji,

Akulemba ndi mayi Ogata, mawu ndi anga. Ndawauza kuti asakonze kanthu. Uli bwanji? Ukudya?

Ndili kuno kunyumba. Ku Sakata sindinapite ndipo sindipita. Kiku ali ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri m'zipinda ziwiri, sanandiitanepo. Ndinanama, ndipo mlongo wako usamuuze mpaka atabereka mwana woyamba.

Misao akuganiza kuti anandipusitsa. Ine ndaphika mpunga zaka makumi asanu, ndingalephere kudziwa wa dzulo ndi fungo? Ndipo za mame ndinazidziwa kale. Bambo ako atapita kunkhondo ndinkawaikira kathebulo komweko. Chivindikiro chinkachita mame tsiku ndi tsiku, ine nkumauza anthu kuti ali moyo. Kabokosi ka phulusa lawo katabwera, pepala linati anamwalira miyezi khumi ndi umodzi m'mbuyomo. Miyezi yonseyo ndinkapisa chala nkumasangalala. Mpunga wotentha ukauvindikira umachita mame, kaya munthu ali moyo kaya anafa.

Ndiye ukafunsa kuti ndinkapisiranji chala zaka zonsezi, ndinkafuna kudziwa ngati m'nyumba muno mukadali munthu amene amadzuka kukuphikira zotentha. Tsiku lija chinauma, ndinadziwa kuti mwana wanga wamkazi watha mphamvu. Ndikanati ndadziwa, akanalira, akanapepesa, mawa lake akanaphika wotentha nkukalamba pambali panga. Ndinaona kuti ndi bwino ufe iwe, poti sumva kuwawa.

Sindikukuitana. Ndimadziwa pamene pali mtsuko ndi pamene pali makala, ndipo mayi Ogata amasuzumira kawiri pa tsiku kudzandinena kuti ndine wouma mutu. (Ndi zoona. Ogata.) Tsopano ndimaika timathebulo tiwiri. Kako ndinakachotsa kwa akufa, fungo la lubani lisalowe m'mbale. Mpunga umapserera masiku ena, koma umakhala wotentha.

Unafunsa maganizo anga pa chingwe. Munthu uja anamasula yekha pamtsinje, eti? Ndiye kuti mfundo inali kutsogolo, pamimba pake, pamene manja ake amafika. Bambo ake akanafuna kuti asadzamasule akanamanga mfundoyo kumsana. Kalembe zimenezo ngati zikuthandiza.

Mayi ako

Kamisawa, 19 Julayi 1959

Mlongo wanga Misao,

Uli bwanji kumeneko, iwe ndi Rinzo? Dothi ndi lofiiradi? Adiresi ndaitenga kwa a Abe, ndipo iyi ndi kalata yachinayi. Mwina zinazo zikadali panyanja, mwina unazilandira. Ngati unazilandira nkusankha kukhala chete, ndilibe chonena, unaphunzira kwa ine.

Mwina sunamve, ndiye ndibwereza. Nditatsika kumapiri ndinapeza makalata atatu pakhomo, ako awiri ndi ya mayi. Ndinawerenga nditaimirira, chikwama chili kumsana. Kapu yanga inali yotsuka, yovundikira pashelefu, ndipo nditaiona m'pamene ndinalira. Mtima uja ndinkati ndi wa phee unangodikira kapu.

Mayi anandiletsa kukuuza, koma sindisunganso zinthu. Ku Sakata sanapite. Za mpunga wozizira anadziwa tsiku lomwelo, ananunkhiza. Sunakwere sitima ndi bodza, Misao, anachita kukukweza okha.

Ntchito ija ndinaipereka, koma mutu womaliza ndinauchotsa. A Shiraki anakhumudwa, akuti unali wabwino kuposa yonse. Ndinawauza kuti ndikupita kumudzi masiku atatu. Pano ndi mwezi wachinayi. Sindikudziwa ngati ndabwerera kapena ndangochedwa kunyamuka, ndipo sindikufuna kukunamiza kuti ndasanduka munthu wina. Masana ena ndimaima m'munda, madzi ali m'akakolo, mitambo ikuyenda pansi panga, nkumadzifunsa kuti munthu wagwira khasuyu ndi ndani. A Abe akuti mizere yanga ya mpunga ikuoneka ngati inadzalidwa ndi munthu woledzera.

Nditafika, mayi anali pakhonde. Ndinati, "Mayi, ndine." Anati, "Mapazi ndawamva kuchokera pamlatho, ukukokabe mwendo wamanzere. Vula nsapato, wapondetsa matope." Kenaka anandigwira kumaso nthawi yaitali, nkunena kuti ndakalamba mopanda chilolezo.

Buku lija ndinawawerengera lonse, masana, masamba khumi pa tsiku. Amagona pakati, koma ndikasiya amadzuka nkunena kuti pitiriza. Titamaliza ndinafunsa ngati Odilon anabwerera kwawo. Anati, "Ine ndidziwa bwanji? Funsa amene anatsala ndi msomali."

Kuphika ndimaphika ine tsopano. Kathebulo kanga tinakapachika, kako kali pamalo pako, kumbali ya khomo la kukhitchini. Masiku oyamba ndinkachedwa, ndipakule, ndifunefune timitengo, ndiiwale msuzi, pofika pakathebulo mpunga wapola. Mayi ankapisa chala nkungoti, "Hmm." Ndinawauza kuti, "Mayi, nonse tikudziwa kuti ndi nthunzi chabe." Anati, "Eya, ndiye fulumira nayo." Ndaphunzira kutenthetsa mbale ndi madzi owira ndisanapakule, ndi kuthamanga osapunthwa pachiwundo. Masana ndimadya mpunga wako utazizira. Sunandiuzepo kuti umalimba chonchi pakhosi.

Lero mayi atatha kupisa chala anandipatsira chivindikiro kuti nane ndikhudze. Ndikudziwa za bambo, ndikudziwa za miyezi khumi ndi umodzi ija, ndawerenga mabuku ambiri. Ndinapisabe chala, Misao, ndipo chinatuluka chonyowa.

Lemba, ngakhale mzere umodzi.

Mchimwene wako,
Tokuji